Shamima Amene Anamutcha Lisa

Mayfair, Joni
5 Malichi 2023

Wokondedwa mlongo wanga Shamima,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ababa kumeneko ku Area 2. Ine kuno ndili bwino, ntchito ya m'shopu ikuyenda. Kalatayi ndapatsira mayi Rukaiya amene akubwera ndi basi ya Lachitatu, pamodzi ndi mankhwala a maso a ababa ndi nsapato zako. Ukudziwa kuti ababa sakhulupirira mawu a pafoni, amafuna pepala loti azipinda n'kuika m'thumba. Ndiye polemba yawo ndati iwenso ulandireko yako.

Iwe mwana! Bwanji sunandiuze kuti zafika pamenepa? Sewero lanu lija la Mpanda wa Njerwa latigwira kuno. Lamlungu lililonse tikaweruka timadzazana m'chipinda mwanga anthu asanu ndi awiri, foni imodzi titaitsamiritsa ku ketulo. Ndikuuze maganizo athu. Bwana Felton ndi chitsiru. Munthu wamkulu, galimoto ziwiri, koma sekilitale akangomusekerera iye nzeru zonse balala. Mlonda Nebert ndiye amatipha ndi phwete, makamaka akamagona pageti n'kumanama kuti amapemphera. Mayi Alinesi, mkazi wa Felton wodwala uja, akulira mopitirira muyeso, gawo lililonse misozi, mpaka timalakalaka kumupatsa ndowa. Ndipo uwauze ojambulawo kuti jenereta ikumamveka kuposa anthu.

Koma iwe, Lisa, sekilitale uja, palibe wokufika. Pamene unatenga mankhwala a mayi wodwalayo n'kumawathira m'sinki uku ukuyimba, tonse tinasendera pafupi ndi foni. Kenako mnzanga wina anaimirira n'kunena kuti, "Mkazi uyu ndi njoka." Ine ndinati, "Njoka imeneyo ndi mlongo wanga, bere limodzi." Onse anakana. Ndi wigi ija, milomo yofiira ija, ndi Chingerezi chapamphuno chija, ngakhale ine poyamba ndinakayika. Ndiye kuti ndiwatseke pakamwa ndinaika kachidutswa kameneko pa Fesibuku, pambali pa chithunzi chako cha pa Idi ya chaka chatha, utavala hijabu yobiriwira pakhomo pa shopu ya ababa. Ndinalemba kuti, "Lisa ndi mlongo wanga Shamima, mwana wa a Abdallah atelala a ku Area 2. Lemekezani luso." Pano akundipatsa ulemu ngati ndine ndimasewera.

Bashir ali bwanji? Tsiku la ukwati wanu, nika ija, mwagwirizana? Mayi Rukaiya akamabwerera uwapatsire tsabola wa kambuzi.

Ndine mlongo wako,
Zubair


Area 2, Lilongwe
9 Epulo 2023

Okondedwa achimwene,

Wa alaikumu salamu. Tili bwino, tikumanga swaumu, kusala kudya kwa Ramadani, bwinobwino. Ababa maso ayambako kuona ulusi, akuti zikomo. Nsapato zandikwana.

Ndasangalala kuti sewero likukukomerani. Za jenereta ndawauza a Shadrick, amene amalemba ndi kutsogolera seweroli, akuti mukagule inu magetsi. Musanyengedwe ndi nyumba ija. Ndi ya munthu wina ku Area 43, amatibwereka Loweruka lokha, ndipo salola kuti tikhale pa mipando yake kamera ikazima. Ine ndimapita pa minibasi, wigi ndi nsapato zazitali zili m'jumbo. Ndikamaliza ndimasamba kumaso pa mpopi wa kuseri n'kuvala hijabu yanga.

Nkhani ndi imeneyo, achimwene. Ababa anandilola kusewera chifukwa ndinawalonjeza kuti palibe adzandizindikire, ndipo miyezi isanu palibe anandizindikira. Ngakhale dzina limene limatuluka kumapeto kwa sewero si langa. Koma kuyambira pamene munaika chithunzi chija zinthu zasintha. Kondakitala wa minibasi ya ku City Centre tsopano amakuwa kuti, "Mpando wakutsogolo wa Lisa!" Kuofesi kwathu anthu akumalowa pa risepushoni opanda chowabweretsa, kungondiyang'ana n'kutuluka. Lachisanu lapitali mu msika mayi wina anakana kundigulitsa tomato. Anati, "Pita ukagule kwa amuna a eni ake." Anzake anaseka, inenso ndinaseka, koma ndinabwera kunyumba wopanda tomato.

Chonde chichotseni chithunzicho. Sindikukwiya, ndikudziwa kuti munachita mwachikondi. Koma chikwangwani cha shopu ya ababa chikuoneka bwinobwino kumbuyo kwangaku.

Nika tagwirizana pa 19 Ogasiti. Bashir ali bwino, akupereka moni. Iye amaonera koma akuti Lisa akamayankhula ndi bwana Felton amatuluka kukamwa madzi. Mudzabwera? Tsabola ndapereka.

Ine mlongo wanu,
Shamima


Mayfair, Joni
14 Meyi 2023

Shamima,

Salamu. Tsabola wafika, watiliza tonse. Idi tinadya bwino, ndikhulupirira inunso.

Kalata yako yandiseketsa. Manyazi ako aja sunasiyebe? Kumeneko ndiye kutchuka, mlongo wanga. Mayi wa tomatoyo wakupatsa satifiketi, ndiye kuti ntchito ukuigwira. Chithunzi chija anthu achigawana maulendo opitirira zikwi zinayi, ndichichotse bwanji pamene chikukukweza? Ndemanga ndimawerenga zonse. Ena akutukwana, inde, koma akutukwana Lisa, osati iwe. Wina analemba kuti akadzakuona adzakumeta ndi botolo, ndinamuyankha kuti ayambe wagula TV yakeyake.

Gawo la sabata yatha silinatikomere. Ukwati wa mwana wa Nebert unatalika, ndipo iwe unangooneka kamodzi. Uwauze a Shadrick kuti sewero limayenda ukakhalapo iwe. Asakufewetse. Tonse kuno tagwirizana kuti mayi Alinesi angomwalira basi, watitopetsa, kuti tione Lisa akulowa m'nyumbamo ndi masutikesi ake.

Ogasiti ndiyesetsa, abwana akandilola. Uwapatse moni ababa.

Zubair


Area 2, Lilongwe
25 Juni 2023

Mwana wanga Zubair,

Asalamu alaikumu wa rahmatullah. Ndikhulupirira Mulungu akukusunga. Ine thupi lili bwino koma mtima suli m'malo, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba ndekha ngakhale maso akuvuta.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndasoka pa khonde lino, palibe anabwerapo kudzandinyoza. Mwezi uno azimayi atatu abwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Mmodzi ndinamusokera diresi la ukwati wake ndi la ukwati wa mwana wake. Anandionetsa foni, mmenemo muli mlongo wako ataima pakhomo panga, dzina langa lili pamwamba pa mutu wake. Anati, "A Abdallah, mwana ameneyu munamulera ndinu?" Ndinati ndi sewero chabe. Anati, "Munthu sangasewere choipa chotere ngati mulibe mumtima mwake."

Ku mzikiti pa mapemphero a Juma, Lachisanu, anthu akumandipatsa dzanja mofulumira. Palibe wanena kanthu, koma ndikudziwa.

Sindikudziwa mdani amene anaika chithunzi chimenechi, pa foni ya mayi uja panali chithunzi chokha, popanda dzina la wochiika. Ndamufunsa Shamima, akuti sakudziwa. Ndaganizira atelala anzanga a mumsewu uno mmodzimmodzi, mpaka ndasiya kuyankhulana ndi a Shabir amene takhala tikubwerekana sizasi zaka zonsezi. Mulungu andikhululukire ngati ndawalakwira. Iwe umadziwa za mafoni, undifufuzire munthuyo. Ndikungofuna ndimufunse chimene tinamulakwira.

Dzulo kunabwera amayi ake a Bashir ndi mchimwene wawo. Anamwa tiyi, anayamikira nsalu, kenako anati nika iyambe yaima kaye mpaka mphepo idutse. Sanatchule tsiku lina. Mlongo wako anali kuseri kwa katani, anamva zonse.

Amayi ako akanakhala moyo akanadziwa choyankhula naye. Ine ndikamuyang'ana mawu amandithera. Umulembere, iwe amakumvera. Umuuze asiye zimenezi.

Bambo ako,
Abdallah


Mayfair, Joni
9 Julayi 2023

Shamima,

Foni yako yatani? Ndaimba masabata awiri, sikulowa. Ndatumiza mauthenga, sakufika.

Kalata ya ababa ndalandira. Chithunzi ndinachichotsa tsiku lomwelo. Koma ndaona kuti chili pa masamba ena ambiri amene si anga, ndawalembera eni ake, mmodzi yekha ndiye wayankha, ndipo wangotumiza kankhope koseka.

Vuto ndi anthu a kwathu, sadziwa kusiyanitsa sewero ndi moyo. Kuno osewera mbali za anthu oipa ndi amene amalemekezedwa. Zidutsa izi, uona. Bashir ndi munthu wophunzira, sangamvere za azimayi a mu msika.

Zikomo kuti sunawauze ababa. Ndidzawauza ndekha nthawi yabwino ikafika. Ndiyankhe, ngakhale mizere iwiri.

Zubair


Area 2, Lilongwe
27 Ogasiti 2023

Achimwene,

Salamu. Pepani kuti ndachedwa kuyankha. Mayi Rukaiya abwera kawiri kudzafunsa kalata, ndinalibe choti ndiwapatse. Foni ndinazimitsa mu Juni. Nambala yanga inafika kwa anthu, ankaimba ngakhale nthawi ya swala ndikupemphera, ena kutukwana, amuna ena kufunsa ngati Lisa ali ndi mpata Loweruka. Simu ndinaithyola.

Munafuna kuti mayi Alinesi amwalire. Anamwalira mu gawo la pa 16 Julayi. Lachiwiri lotsatira ndinatsika minibasi ku depoti ya ku Old Town cha m'ma 5 koloko, anthu ali pikitipikiti. Wina anakuwa kuti, "Lisa uyo! Wapha mnzake uja!" Sindinathamange, ndinkaganiza kuti aseka ngati kale. Anandizungulira. Mayi wina anandikoka hijabu kuti aone ngati tsitsi lili lomwe lija, inatsala m'manja mwake. Wina anandithira madzi otsukira mbale. Ndinagwa, chikwama chinapita. Chimene ndikukumbukira kwambiri si makofi ayi, koma mafoni. Kulikonse kumene ndinayang'ana kunali foni itakwezedwa m'mwamba.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wachikulire wogulitsa nthochi. Anawakalipira, anavula chitenje chake n'kundifunditsa kumutu, n'kundikhazika kuseri kwa dengu lake mpaka anthu atabalalika. Anandipatsa madzi. Nditamwa anandigwira dzanja n'kundifunsa mwachifundo kuti, "Koma mwana wanga, mankhwala aja unatayiranji?"

Kuofesi anandiitana sabata yomweyo. Abwana anati, "Shamima, palibe chimene walakwa. Koma pa risepushoni ndi nkhope ya kampani, ndipo makasitomala ena adandaula." Anandipatsa kalata yabwino yondichitira umboni. Ndapita nayo m'maofesi asanu ndi limodzi ku City Centre. Kuwiri anandipempha kuti tijambulitse limodzi, kenako anati malo kulibe.

Ndinapita kwa a Shadrick. Ndinawapempha kuti Lisa alape, apite kumanda a mayi Alinesi akalire, anthu aone kuti ndi munthu. Anati, "Iwe, anthu amatsegula TV kuti adane nawe. Ukalapa tionetsa chiyani?" Ndinasiya wigi patebulo pawo. Pano aiveka mtsikana wina, dzina ndi lomwelo.

Bashir anabwera pa 12, kutatsala sabata imodzi. Sanalowe, tinaima pakhonde, makina a ababa atasiya kulira. Anati, "Ine ndikudziwa kuti ndi sewero, Shamima. Koma amayi akuti tsiku limene adzadwale sangadzalandire mankhwala kuchokera m'manja mwako." Ndinati, "Amenewo ndi amayi. Nanga inu?" Anatembenukira ku msewu. Kenako anati, "Ndikakuyang'ana ndimamva kuyimba kuja." Ndinamuuza kuti apite bwino.

Pa 19 ndinakhala m'chipinda cha kuseri, ndikupinda mipendero ya mayunifolomu a sukulu. Ndi ntchito imene ndikugwira tsopano, makasitomala sandiona. Ababa ndi a Shabir sakuyankhulanabe.

Munati zidutsa. Mwina. Musanditumizirenso nsapato, sindikupita kulikonse.

Shamima


Mayfair, Joni
17 Seputembala 2023

Mlongo wanga,

Asalamu alaikumu. Kalata yako ndaiwerenga kuseri kwa shopu, ndinalephera kubwerera ku kauntala mpaka abwana anabwera kudzandifuna. Kanema wa ku depoti uja ndinali nditamuona kale. Anandionetsa mnzanga wa m'chipinda, akuseka, asanakumbukire kuti ndine ndani kwa iwe. Ndinadziuza kuti si iwe chifukwa nkhope sinkaoneka bwino. Ndinadziwa kuti ndiwe.

Unandipempha mu Epulo. Mawu ako anali omveka, ine ndinasankha kuseka. Ndikhululukire, ngakhale sindikudziwa kuti kukhululuka kwako kukonza chiyani.

Ndinaganiza zoti ubwere kuno. Ndinayankhula ndi banja lina la ku Mangochi limene lili ndi chipinda chopanda munthu, bamboyo anavomera, ntchito ya m'shopu ya nsalu inapezekanso. Koma mkazi wake atamva kuti ndiwe ndani anati sangasunge Lisa m'nyumba muli mwamuna wake. Ndinayesa kwina kuwiri, yankho ndi lomwelo. Amalawi onse a kuno amaonera, ndipo amene anawauza kuti ndiwe mlongo wanga ndine. M'chipinda mwanga timagona amuna anayi, sindingakuikemo. Ndikufunafunabe.

Anzanga akuoneranso Lamlungu. Akuti Lisa watsopanoyu ndi wozizira, sadziwa kuyang'ana, akufuna wakale abwerere. Amandiuza zimenezi ngati akundisangalatsa. Ine ikafika nthawiyo ndimakakhala pa masitepe panja.

Ababa ndawalembera, kalata yawo ili mu envelopu yomweyi. Ndawauza zonse, kuti mdani amene akumufuna uja ndine. Uwapatse m'manja, ndipo ukhale pafupi akamawerenga.

Zubair


Area 10, Lilongwe
19 Novembala 2023

Achimwene,

Wa alaikumu salamu. Ndili moyo. Mwaona adiresi yasintha.

Kalata yanu ababa ndinawapatsa. Anaiwerenga kawiri, ataiyandikitsa kumaso. Atamaliza anavala kofia n'kuwoloka msewu kupita kwa a Shabir, anakhalako mpaka swala ya Asiri, dzuwa litapendeka. Chibwerereni mpaka lero sanatchule dzina lanu. Ndinawafunsa ngati ayankhe, anati maso akuwawa. Musawaimbire kaye.

Bashir anamanga nika mwezi watha ndi mwana wa azakhali ake. Ndinamva kwa mayi Rukaiya.

Musavutikenso kundifunira malo. Ndapeza ntchito yolera ana awiri kwa azungu ena ogwira ntchito ku bungwe. Sadziwa Chichewa, TV ya kuno saonera, ndipo dzina langa linawavuta, amangonditcha Mima. Ndimagona konkuno, m'kanyumba ka antchito kuseri. Mpanda ndi wautali, msewu ndi wa zii, munthu akhoza kutha mwezi osaona nkhope yachilendo. Ababa amabwera kudzandiona Loweruka loyamba la mwezi, timakhala pansi pa mtengo kunja kwa geti. Makasitomala awo ena ayamba kubwerera chichokereni ine.

Ndimakhala ndi mayi Nachisale, ophika, munthu wachikulire wa ku Mitundu. Ndi abwino mtima, amandisungira chakudya ana akandichedwetsa. Foni yawo ndi yamabatani, za Fesibuku sazidziwa. Koma ali ndi ka TV kakang'ono, ndipo Lamlungu masana akubwereza magawo akale a sewero lija. Saphonya.

Lamlungu lapitali anandiitana kuti ndiwathandize kusankha nyemba. Ndinalowa osadziwa. Linali gawo la maliro, langa lomaliza, pamene Lisa akufika pa siwa atavala ndolo za malemuyo. Ndinakhala pansi, lichero pamiyendo. Ndinadziona ndikutsika galimoto, ndikuchotsa magalasi akuda pang'onopang'ono. Tsiku limenelo tinajambula kasanu ndi kawiri chifukwa ndinkangoseka, ndolo imodzi inkagwa.

Mayi Nachisale anasiya nyemba. Anati, "Mkazi ameneyu nditakumana naye ndikhoza kumuthira madzi otentha, Mulungu andikhululukire." Kenako anatchera khutu, n'kutembenuka kundiyang'ana. "Koma mawu akewa ngati ako, Mima."

Ndinaweramira m'lichero. Anandiyang'anitsitsa, kenako anaseka n'kundimenya paphewa. "Ayi, iwe ndiwe mwana wofatsa. Nanga iwe ukumuona bwanji ameneyu?"

Ndinati, "Ndi woipa, mayi."

"Eya," anatero. "Woipa zedi."

Tinapitiriza kusankha nyemba mpaka sewero linatha.

Mukafuna kundilembera, muzipatsira mayi Rukaiya asiye kwa ababa. Kuno kusamabwere kalata.

Ine mlongo wanu,
Shamima